Ndowa Yosefukira, Thumba Lopepuka

Amayi, kodi kumeneko kwacha bwanji? Kuno kwa Chiosya tilipo, koma kukhala kwake n'kwa nkhuku yomangidwa mwendo.

Ndiyambe ndi zokoma. Tiyamike, mdzukulu wanu uja munkamuti kamwendo m'njira, wabereka mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Mtedza wachita bwino chaka chino, fodya ndiye watikana. Zowawa n'zakuti aNangondo, mpongozi wanu, anandisiya m'dzinja. Ngati mwakumana kale, muwauze kuti mbuzi yawo yakuda ija yaswa awiri.

Tiyamikeyo amagwira ntchito yomwetsa ndege mafuta ku Lumbadzi. Maliro a mayi ake atatha, tikusenda mtedza pakhonde, ndinamufunsa kuti ndege imamwa zigubu zingati. Anaseka. "Ababa, pampu yanga imawerenga malita, koma woyendetsa ndege safuna kumva za malita. Amafunsa makilo." Ndinati, kodi si mafuta omwewo? Akuti ayi. Kukatentha ngati mu Okotobala mafuta amafufuma, lita imadzaza koma yopepuka. Nthawi yachisanu lita yomweyo imalemera. Injini imadya kulemera, sidya kudzaza. Ndiye iye amayamba wayeza kulemera kwa lita, n'kutembenuza makilo a woyendetsa kuti akhale malita a pampu. Akaphonya, munthu anganyamuke akuyesa wakhuta, njala n'kumupeza m'mitambo mopanda poima.

Ndinakuonani pompo, amayi, muli pamsika wa ku Boma, mukukankha ndowa ya wogula mbewu n'kunyamula thumba nokha. Paja munkati ndowa imanamiza maso, koma msana sunama.

Anandiuzanso kuti ndege sinyamuka ndi mafuta ongofikira kumene ikupita. Imasenza ena ozungulirira m'mwamba ikapeza chifunga pabwalo, ndi enanso okafikira bwalo lina ngati aikaniza kutera. Tsiku limenelo ndinangoti eya, nthano yokoma iyi. Sindinadziwe kuti akunena ine.

Mwezi watha anandisudzula. Alamu anga a Binwelo anayankhula mwaulemu ndithu: "Alamu, mwatisungira mlongo wathu, mwatiberekera mbumba. Lero ndinu mfulu." Ufulu wake ngwakuti nyumba imene ndinaumbira njerwa ndekha alowemo mphwawo wamkazi wa a Binwelowo ndi mwamuna wake mvula isanagwe. Chimanga cha paulendo anandiyezera ndi ndowa pamaso pa mudzi wonse, iliyonse yosefukira. Anthu mpaka m'manja. Atabalalika ndinakweza thumba limodzi, linangoti pepu ngati la madeya. N'chimanga cha chaka chatha, anankafumbwe anadya mtima n'kusiya makoko. Ndikadandaule kwa yani? Aliyense anaona ndowa zikusefukira. Komanso mkamwini satsutsa za m'nkhokwe ya eni mudzi.

Ndinakwera kabaza kupita kwathu kwa Zulu. Pamene panali nyumba yanu pali chigafa cha fodya. Ana a achemwali agawana minda yonse, ndi dimba lomwe lija munkati mundisungira chifukwa mkamwini ndi mlendo ngakhale amere imvi. Mphwanga wamkulu, mwana wa achemwaliwo, anandiphera nkhuku, tambala weniweni, kenako anati, "Malume, muzibwera kudzationa." Kudzationa, amayi! Tiyamike akuti ndipite ku Lumbadzi, koma chipinda n'chimodzi, anangotchinga nsalu pakati. Ndizikatsokomola pafupi ndi mphasa ya mkamwini wanga? Inu mukanalola zimenezo?

Ndiye pano ndikungozungulira m'mwamba. Anthu akabwera pakhonde kuti ndiwasimbire nthano, ndimasimba, amaseka, koma alamu akamadutsa amayang'ana mitambo kenako denga langa. Chimanga chija ndachipeta. Chatsalacho mwina chindifikitsa pa Khirisimasi.

Koma imvani izi. Ndisanachoke kwa Zulu ndinapempha kuti andilowetse kumanda. Kumanzere kwanu, pansi pa msuku uja, malo alipo, amenewo sanagawane. Ndinayeza ndi mapazi, paja akuti nawonso oyendetsa ndege mlengalenga amauyeza ndi mapazi, ndipo ndikukwana bwinobwino, potembenukira n'kutsala. Ndinamuuza mphwanga, ndipo pa chimenechi chokha sanakande mutu. Anavomera msanga.

Sindithamanga ayi. Ndiyambe ndakanyamula kaye kamwana ka dzina lanu, ndimve kulemera kwake ndi manja angawa, kuti ndidzakuuzeni zoona, osati za m'maso. Pakali pano mundisungire malowo, asakuikireni mlendo pambali. Ndikubwera ndithu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Zakeyu