Kalavani ya Pamaliro

Lachiwiri, 6 Meyi 2025

M'dzina la Mulungu wamoyo. Ndipo ngati alipo amene adzatsegula tsamba ili ine nditapumula, mtendere ukhale naye.

Lero ndinapita kumpanda kumene ndisungitsa kalavani, kanyumba kanga kokokedwa ndi galimoto, kuseri kwa Thamesmead, kuno kudziko la azungu. Ndinaivundukula. Ndere padenga. Chinyezi pangodya ya zenera lakutsogolo, thabwa lafewa ngati mkate. Ndinapala guluu wakale ndi mpeni, ndi kumata watsopano. Matayala akadali abwino. Mwini mpanda wakwezanso lendi, sindinatsutse.

Dzulo dokotala wa maso anati, "Chaka chino kokani kalavani yanu. Chaka chamawa sindikulonjezani." Chotero nyengo yotentha ino ndiyo yotsiriza. Chimene ndipempha kwa Ambuye ndi chimodzi: ulendo umodzi wa kunyanja, ndi munthu wina pampando wa pambali panga.

Loweruka, 10 Meyi

Makatani ndachapa. M'kabati, makapu a mpingo ndi mabuku a nyimbo amene anaiwalika.

Kalavaniyi tinaigula ine ndi Effie, mkazi wanga, kuti tizikapuma kugombe pa tchuthi. Tinapita kawiri kokha, iye nadwala, natisiya. Pa maliro ake nyumba inachepa. Kwathu amuna agona panja pamoto, akazi m'nyumba. Koma kuno, mu Januwale, kugona panja ndi kuitana maliro ena. Ndipo thupi linakhala milungu kuchipatala tikukonza zolitumiza kumudzi. Ndinakokera kalavani pakhomo, amuna nagonamo.

Kuyambira pamenepo sinaonenso nyanja. Croydon, Woolwich, Lewisham: paliponse pagwa zovuta, foni yanga ilira. "Akulu a mpingo, tibwerekeni ija." Sindinakanepo, pakuti ndi utumiki. Satchula ngakhale dzina lake. Angoti ija.

Lamulungu, 11 Meyi

Titaweruka m'tchalitchi ndinafunsa abale ngati alipo wofuna kupita nane. Aliyense ali ndi shifiti kuntchito. Wina anaseka, nati, "Mmenemuja ndidzagonamo ikakwana nthawi yogonamo."

Masana Chiyamiko, mwana wanga, anandiimbira. Ndinamupempha zidzukulu masiku awiri. Anayamba m'Chichewa, natsiriza m'Chingerezi, monga achitira akafuna kundikana. "Adadi, ana akuti imanunkha maliro. Gulitsani basi."

Lachinayi, 15 Meyi

Ndinanunkhiza makhushoni onse, limodzi ndi limodzi. Sopo yekha.

Girisi pachokolekera. Mabuleki agwira. Nyali ya kumanzere siyaka.

Pogwira ntchito ndinakumbukira a Wilbroad, mnzanga wa ku Chipata, amene tinasambitsa nawo nkhalamba za azungu zaka zambiri m'nyumba imodzi yosungira okalamba. Chaka chatha anafa ziwalo mbali imodzi. Akhala pazenera ku Lewisham, kuyang'ana mabasi. Ndikaimba ayankha ndi akazi awo, alamu Etta, kuti agona. Ndayeza chitseko cha kalavani: wilitcheya yopinda ilowa. Loweruka ndipita nayo kuti aione ndi maso awo. Sindiwauza, pakuti pa foni kukana n'kosavuta.

Loweruka, 17 Meyi

Imvi sizinandiphunzitse kanthu.

Ndinaimika kalavani pakhomo pawo m'mawa. Panyumba panalibe munthu. Etta anali atapita nawo kuchipatala kokalimbitsa mwendo. Ndinati ndikagule babu wa nyali ija, ndimwe tiyi, ndibwere. Foni ndinali nditazimitsa poyendetsa, ndipo ndinaiwala kuiyatsa. Mayi wina wa mvano, potsika basi kuchokera kuntchito, anaona kalavani, naijambula, natumiza chithunzi pa gulu la mpingo. Sanafunse munthu. Ndani afunsa akaona ija?

Pobwera ndinapeza amayi a zitenje pageti, ena ndi miphika, abambo akutsitsa mipando. Nyimbo itayambika kale. Mwana wawo Crispin atapepesedwa pa foni ali kuntchito. Ndisanatsegule pakamwa, takisi inaima, ndipo taonani, a Wilbroad pa wilitcheya, akudutsa pakati pa owalira.

Nyimbo inaduka pakati pa mzere. Etta sanakweze mawu. Anati, "Alamu, mwatopa kudikira? Mwabwera kudzawafulumiza?"

A Wilbroad anandiyang'ana. Pakamwa pawo panapotoka ndi matenda; sindinadziwe ngati ndi mkwiyo. Ndinaikoka kalavani ndi kuchoka, nyali ya kumanzere isakuyaka.

Lamulungu, 18 Meyi

Kutchalitchi sindinapite. Ndinapemphera m'khitchini, chogwada, kufikira mawondo anakana.

Lachiwiri, 27 Meyi

Ndaimbira Etta kawiri. Sayankha.

Foni ili chete. Palibe wamwalira, ndipo ndiyamika Yehova. Koma popeza palibe wamwalira, palibenso wondiimbira. Ichi sindinachizindikire kale.

Ndauza Chiyamiko aitsatse kalavani kwa ogula. Anadabwa kuti sindinakangane naye. Bambo wina adzaiona Loweruka. Ndakhetsa madzi m'thanki, ndatseka gasi, makapu a mpingo ndaika m'katoni. Ndinakhala m'katimo nthawi ndithu, chitseko chotsegula. Abale akachita zovuta adzagona kuti, sindidziwa. Mwina ndinadzikuza poyesa kuti ndingathe kusandutsa nyumba ya olira kukhala ya chikondwerero.

Lachisanu, 30 Meyi

A Wilbroad aimba okha. Mawu olemera, amodzi amodzi. Ndinachita kukanikiza foni kukhutu.

Anati, "Mkulu, tsiku lija ndinawaona onse. Chaka chonse ndili pazenera sanabwere ochuluka chotero. Anabwera ndi mpunga, ine nditafa."

Ndinayamba kupepesa, nandidula. "Amuna onse a mu mpingo adzagonamo pa maliro anga. Ine ndekha ndi amene sindidzagonamo. Bwerani nayo, ndiyambe ndine."

Kumbuyo kwawo ndinamva Etta akufuula: "Awuzeni aimike kumsewu wina! Osati pakhomo panga!"

Wogula uja ndamuuza adikire kufikira Sepitembala. Madzi ndathiranso m'thanki. Babu ndaika, wayaka.

Lachiwiri, 3 Juni

Tili kugombe. Ndinaimika misewu iwiri kutali ndi nyumba yawo, monga ndinalamulidwa, Etta nakankha wilitcheya okha kufika pamenepo, osayang'ana kalavani. Anandipatsa mankhwala, nkhuku yokazinga, ndi mawu awa: "Mundibwezere monga mwawatengera." Sananditchule alamu. Chimenecho chidzafuna nthawi yake.

Panjira a Wilbroad anadzudzula kayendetsedwe kanga kuyambira ku Lewisham kufikira kuno. Akuti ndiyendetsa ngati ndanyamula bokosi. Ndinawonjezera moto pang'ono.

Kuwakweza pasitepe inali nkhondo. Mzungu wa kalavani yoyandikana nafe anatithandiza. Mvula chifikire. Pangodya paja ndinamata pakudonthabe, ndatchera poto. Nyanja ndi yotuwa, yosaoneka malire. Kaya ndi nkhungu, kaya ndi maso angawa. A Wilbroad akuti ilipo, ndipo ndawakhulupirira.

Tadya nkhuku. Tsopano ndi masana, agona pabedi lalikulu, nsapato imodzi ili kuphazi. Poyamba ndinali kunyamuka kawirikawiri kukaona ngati akupuma. Kenako anayamba mkonono wogwedeza makapu, ndipo ndakhala pansi.

Yehova adalitse nyumba ya iye wowerenga izi, ndi ana ake, ndi odwala ake. Ndipo kalavani yanga ikadzaima pakhomo panu, musathamangire chitenje. Yambani mwagogoda pazenera, mufunse ngati muli malo.