Matabwa a Bokosi Lanu

Amayi, kumene muliko kukuyenda bwanji?

Ndine Zakeyu, mwana wanu woyamba. Ndikulemba nditakhala pakhonde, dzuwa lili paliwombo. Mukhululuke zilembo. Mukudziwa kuti ku Mvera ndinalekezera Sitandade 3, zotsalazo ndinaphunzira pa sowo ndi pulena.

Ndiyambe ndi za pamudzi. Chichokereni inu dzinja ladutsa katatu. Chaka chatha chimanga chinapserera, koma chino nkhokwe ya mlongo wanga Nabanda yadzaza, mtedza nawo wachita bwino. Mdzukulu wanu Feliya ali ndi mwana wamkazi, amutcha dzina lanu. Kumsika safunsanso khadi la chipani pachipata. Munapita tisanavote za nyali ndi tambala, ndiye simungamvetse kalankhulidwe ka masiku ano. Aliyense akuti ndi ufulu wake, ngakhale wodyetsa mbuzi m'dimba la mnzake.

Ine ndikadali m'kanyumba kaja Nabanda anandipatsa nditasudzulidwa kuchikamwini ku Ntchisi, mayi a ana atamwalira. Kwina kopita ndilibe. Ndanena dala zimenezi, chifukwa nkhani ndikuuzeniyi ingathe kundichotsa pano.

Mukukumbuka matabwa asanu ndi limodzi a mbawa amene ndinacheka ndekha? Munawasisita ndi dzanja lanu n'kunena kuti, "Zakeyu, ine usadzandikulunge mumphasa ngati bambo ako." Ndinawasunga kutsindwi zaka zisanu ndi ziwiri. Chilimwe chilichonse ndinkawatsitsa n'kuwapaka oyilo wakuda wosakaniza ndi mankhwala aja a panazale ya fodya, kuti chiswe chisayandikire. Tsiku lanu litafika, ine ndili pakati ponola pulena, Esinati, mwana wa Nabanda wokwatiwa ku Lilongwe uja, anatulukira pa galimoto ndi bokosi logula, la zogwirira zonyezimira. Nabanda anati, "Achimwene, pumulani, ana achita kale. Za matabwa a kutsindwi n'zachikale." Anatero okumba manda akumva. Pa bokosi la mayi anga sindinakhomepo ngakhale msomali umodzi. Mawu a Nabandawo sindinawaiwale mpaka lero.

Chaka chatha ntchito ya mwamuna wa Esinati inatha, ndipo onse awiri anabwerera kuno. Mphatso ya mwana sanaionebe. Esinati anabwera ndi akalulu atatu oyera, a maso ofiira, osati a ndiwo ayi. Anawatcha Thonje, Shuga ndi Dona. Amawanyamula pachifuwa, amalankhula nawo. Mlamu wina atangoseleula kuti Khirisimasi yapeza ndiwo, sanamulankhule sabata yathunthu.

Khola lawo linali la waya, lopanda pobisala. Kabawi akadutsa m'mwamba, ankathamanga n'kudziwomba pawaya. Udzu ankaupondaponda ndi kuukodzera. Dona, wamkaziyo, anaswera pambalambanda, ana onse n'kufa ndi mphepo. Ndiye Esinati anabwera kudzagwada pakhomo panga.

"Amalume, inu ndinu mmisiri. Tandikhomereniko tinyumba tiwiri tobisalamo, tamdima mkati, ndi poika udzu kuti asamauponde."

Amayi, apa ndi pamene pali manyazi anga. Mitengo ina inalipo. Koma ndinakwera kutsindwi n'kutsitsa matabwa anu. Mumtima ndinati: ngati matabwa anga sanayenere mayi anga, agonemo akalulu a mwini bokosi logula. Munkanena kuti mkwiyo ndi nkhuni yaiwisi, utsi wake umayamba kutsamwitsa wokoleza. Ndinakumbuka mawuwo sowo ili m'manja, koma ndinachekabe.

Ndinawapala mpaka anafiira ngati atsopano. Kanyumba kalikonse ndinakaika pa miyendo, ndi makomo awiri kuti wothamangitsidwa atulukire kwina. M'mbali ndinakhoma kathandala kopendekeka ka timatabwa tating'ono, mpata wa zala ziwiri, koikamo udzu wouma ndi masangwi a mtedza, kuti kalulu azisolola ali mkati. Sindiname, inali ntchito yokongola kuposa zonse zimene ndagwira muukalamba wanga. Esinati anawomba m'manja. Anati, "Zikomo amalume. Ine ndimayesa mumadana nane." Ndinangoyang'ana kumbali. Za matabwawo sindinamuuze.

Patatha masabata awiri Thonje anasiya kudya. Anayamba kunjenjemera, thovu kukamwa, n'kufa. Patapita masiku anayi Shuga, amene ankagona naye kanyumba kamodzi, anatsatira. Esinati anawakwirira kuseri kwa nyumba akulira ngati maliro a munthu.

Dzana Nabanda anandipeza ndikusema mpini. Sanakhale pansi.

"Achimwene, munaikamo chiyani m'tinyumba tija?"

"Misomali," ndinatero.

"Musandiseke. Zaka zitatu simuseka ndi mwana wanga. Lero mwamukhomera zinthu, ziweto zikugwa. Anthu akuti ndi mimba yake yomwe munamanga ndinu."

Ndinati, "Ndikanakhala mfiti, bwenzi nditayamba ndi iwe wapakamwawe."

Azimayi amene ankasinja pamtondo anaimitsa minsi. Nabanda anatembenukira kwa iwo. "Mwadzimvera nokha!"

Tsono Loweruka mbumba yonse ikumana pa za ine. Ena akuti ndibwerere ku Ntchisi, kumene nyumba yanga anagwetsa kale. Pabwalo la Esinati andiletsa kupondapo.

Lero m'mawa mwamuna wake anabwera ndi kanyumba ka akufawo n'kukaponya pakhomo panga. Anati afufuzamo nyanga sanaipeze, koma sakufuna kukaonanso. Atapita ndinakatembenuza. Timatabwa ta kathandala kaja tadyedwa mpaka pakati, m'mphepete mwa makomo ndi mano okhaokha. Ndinaika mphuno pamene patafunidwapo. Amayi, ndi fungo lomwe lija la oyilo ndi mankhwala a panazale. Pulena inangochotsa pamwamba, koma zopaka za zaka zisanu ndi ziwiri zinalowa mpaka mumtima mwa thabwa. Moyo wanga wonse ndakhomera anthu zitseko, mipando ndi mabokosi, ndipo palibe munthu anatafunapo chitseko chake. Sindinkadziwa kuti kalulu amadya nyumba yake yomwe.

Choncho ndinawapha ndine. Osati ndi ufiti, koma ndine.

Dona akadali m'kanyumba kachiwiri. Ali ndi bere, wayamba kale kuzula ubweya wake kuyala chisa mkatimo, ndiye Esinati ndi mwamuna wake akuopa kumusuntha. Anangoitana mkulu wa mpingo kudzapempherera khola. Pamene ndikulemba pano, kaluluyo akusolola masangwi ndi kutafuna thabwa lanu.

Kuyambira m'mawa ndakhala ndikuyeza mbali ziwiri. Ndikakhala chete, Loweruka alibe umboni. Nyanga sinapezeke, mwina angondidzudzula za pakamwa panga n'kundisiya. Kalulu wachitatu akafa, ndinganene kuti ndi matenda a mphepo. Koma ndikalankhula, andifunsa kuti matabwa opaka mankhwala ndinawatenga kuti. Nabanda akuwadziwa. Adzamva kuti matabwa amene mayi ake anawasisita ndi dzanja ndinagonekamo ziweto, ndipo adzafunsa chifukwa. Chifukwacho ndi choipa kuposa zimene akundinenerazi, pakuti n'choona. Sindikudziwa ngati munthu wotere amamusunga pamudzi.

Ndikunenabe kuti anandilakwira, Amayi. Ndinali mwana wanu woyamba ndi mmisiri, anayenera kundifunsa. Zimenezo sindibweza. Koma Esinati tsiku lija anathamanga ndi bokosi poopa kuti agogo ake agona pamphasa. Sanadziwe n'komwe za kutsindwi kwanga. Amene anadziwa ndi mayi ake, ndipo ndi mayi akewo amene ndinayenera kukangana nawo maliro atangotha, m'malo mobisa nkhani zaka zitatu n'kukaitulira pa mwana wopanda mwana.

Ndatenga dengu, ndayalamo udzu wouma woti Dona agonemo ndi ubweya wake. Ndazula kathabwa kamodzi kodyedwa kuti akanunkhize okha. Ndikangotseka kalatayi ndikupita pabwalo limene andiletsa, dzuwa likadalipo, anthu akuona. Mwamuna wa Esinati ndi wamphamvu ndipo wakwiya. Akandikankha ndidzuka, mpaka kaluluyo atuluke m'matabwa amenewo.

Ndikulonjezani kuti Loweruka ndidzanena zonse, zanga ndi za Nabanda, osasiyako. Akandisunga, chabwino. Akandipirikitsa, sindinyamula katundu ndisanakhomere Dona kanyumba kena, ka matabwa osapaka kanthu.

Mundipempherere miyendo isabwerere panjira.

Ine mwana wanu wokukondani,
Zakeyu