Mafuta Ophikira ndi Kachewere wa Abambo

Lolemba, 7 Julho 1997

Mpeni wa makina odulira kachewere wabunthanso, kachitatu mwezi usanathe. M'malo modula ukungofinya, ndipo anyamata a ku mgodi adya tchipisi chosalongosoka. Dona Belmira, mwini kantina yathu ino ya ku Moatize, apsa mtima. Akuti wonola wanena kuti mpeniwo watha, ukanoledwanso sutsala kanthu, ndipo wina sungapezeke kuno kufupi.

Mlandu augwetsera pa dothi la kwathu ku Zóbuè. "Kachewere wa bambo ako amabwera ndi munda womwe. Thumba la sabata ino ndi lomaliza."

Chibwerere kothawa nkhondo ku Malawi, abambo alibe wogula wina wodalirika. Mawa kubwera mmisiri, Mestre Constantino.

Lachiwiri, 8 Julho

Munthu uyu! Wamfupi, wa imvi, chikwama cha zida chomangidwa ndi mphira. Ndimayesa afika ndi hamala, koma sanamasule ngakhale bawuti imodzi. Anati ndiyatse makina, iwo n'kuika nsonga ya sikuludiraiva pachitsulo, chigwiriro pakhutu, maso tseke. Ife tonse zii ngati pa misa.

Kenako anapala phala lakuda pa shafiti, kachitsulo kozunguza mpeni, kulitikita m'zala, kuliika pamano! Dona Belmira analavula. Iwo anangofunsa mofatsa kuti, "Amawadyetsa makinawa ndani?" Ine ndinazembera ku mapoto anga.

Ndine. Ndikaweruka ndimawathira mafuta ophikira, tsiku ndi tsiku. Kumsasa wa othawa nkhondo mafuta a m'chitini aja ankagwira chilichonse, tcheni cha njinga, makina osokera a amayi. Ndimayesa ndikuwasamala.

Lachitatu, 9 Julho

Amasula zonse. Anayala nsanza yoyera patebulo, chitsulo chilichonse pamalo pake monga chachokera, ngakhale kawashala kakang'ono. Anatsuka ndi parafini, kenako sopo ndi madzi otentha, osafulumira. Ndinangoti kakasi kuonerera zala zawo mpaka anyezi wanga anapserera.

Dona atatuluka Mestre anandiitana. "Mwanawe, dothi la kwanu ndi lamtundu wanji?" Ndinati lofiira. Anandionetsa nsanza, bii! Akuti mafuta ophikira akakhalitsa amanata ngati ulimbo, fumbi la malasha n'kumamatirira, phala lakelo n'kumadya shafiti. Shafiti ikadyeka mpeni umagwedera n'kumakhula chitsulo cha m'mbali.

Anandiyang'ana pang'ono chabe. Akudziwa. Kwa Dona anangoti chifukwa chake adzanena Lolemba, akabwera ndi bushi yatsopano yogwira shafiti, yomwe akasule okha ku mkuwa.

Lachinayi, 10 Julho

Tadula pamanja masaka awiri. Matuza okhaokha. Pakamwa panga mpaka pano pali chitseko.

Lamulungu, 13 Julho, ku Zóbuè

Uthenga wa Dona wa za dothi uja unafika kale ndi dalaivala wa lole. Ndawapeza abambo kumtsinje atangochoka ku tchalitchi, buluku atapinda, akutsuka kachewere mmodzimmodzi m'madzi ozizira aja. Masaka asanu ndi limodzi atayanika kale pa udzu. Abambo amene anandiphunzitsa kuti dothi ndi bulangete la kachewere, ukamusambitsa sachedwa kuwola!

"Zaida mwanangu, takuchititsa manyazi kuntchito," anatero osandiyang'ana. "Ukawauze adona kuti ife sitinadziwe. Makina ndi zinthu za anzathu ophunzira."

Ndachita manyazi ine, oti sindinachitepo chibadwire.

Lolemba, 14 Julho

Ndinaulula ndekha za mafuta aja, Mestre asanamasule chikwama. Dona Belmira anakalipa mpaka pa msewu anamva, Chipwitikizi, Chinyungwe, zonse kusakaniza. Ndinayamba kumasula epuloni.

Mestre anadikira kuti mvula ikate. Kenako anati, "Dona, ine ndakonza makina kuyambira nthawi ya atsamunda. Ambiri amafa ndi ludzu, palibe amawakumbukira. Awa okha ndi amene ndawapeza atakhuta. Mafuta analakwika, koma dzanja ndi lomweli. Mukamuchotsa, mudzandiitananso Khirisimasi isanafike."

Dona anafunsa za dothi. Iwo anati dothi ndi ntchito ya kozinya, kukhitchini kuno, osati ya mlimi: mabeseni atatu, kutsuka pano tsiku lodula, basi. Dona anandikankhira epuloni ija. "Otsukidwawo abwere mawa onse, tiyambe iwowo asanawole. Bambo ako uwauze asiye kusambitsa kachewere ngati khanda."

Madzulo Mestre anandipatsa kachitini ka girisi woyera, wosaopsa pa chakudya. Kadontho ngati njere ya chimanga, Loweruka lokha. Kupukuta tsiku lililonse, kufunditsa nsalu chifukwa cha fumbi, mpeni kuupitsa pa mwala pang'ono usanabunthe. Atabwezera zonse anayatsa, kachewere n'kumagwa woonda bwino, wofanana.

Kenako anandigwiritsa sikuludiraiva yawo ija, n'kundiikira chigwiriro pakhutu.

"Ukumva chiyani?"

Ndinati sindikumva kukhula kulikonse, kungoti wuuu.

"Aloweze mawu amenewo. Tsiku lomwe adzasinthe, iwe ndiwe udzayambe kudziwa."

Anamanga chikwama ndi mphira wake n'kutuluka. Ndinawathamangira pakhomo kuti aiwala chida. Sanacheuke n'komwe, anangokweza dzanja.