Kabokosi Kamene Ndinapachika pa Utsi

Msakambewa, Dowa
14 Julaye 2024

Wokondedwa mwana wanga Gabriel,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza wamphamvu ku Joniko, iwe, apongozi anga, ndi kamdzukulu kanga kaja ndimangokaonera pa chithunzi. Kuno tilipo, kungoti kuzizira kwa chaka chino kwalowa m'mafupa ndipo bondo lija layambanso mwano. Chimanga takolola, mtedza tafukula. Chiliza cha mayi ako amisiri amaliza, mwambo udzakhala pa 24 Ogasiti monga tinagwirizana.

Ndalemba papepala dala, chifukwa pa foni umandidula ndisanamalize. Ndili ndi nkhani yonyadira ndi ina yochititsa manyazi, ndipo zonse zatuluka m'kompyuta ya mlongo wako Tabita.

Ukudziwa kuti mayi ako anapeka nyimbo za kwaya ya patchalitchi pathu kwa zaka makumi atatu, osalemba ngakhale imodzi. Zonse zinali m'mutu. Atayamba kudwala, Tabita ankabwera Loweruka lililonse kuchokera kusukulu kumene amaphunzitsa, n'kuwakhazika pakhonde, iwo akuimba, iye akujambula mawu. Zinakwana nyimbo 46. Akwaya anapempha kuti pa tsiku la chiliza timve mawu a mwini wake, ndipo ndinalengeza ndekha m'tchalitchi, chifuwa chili patsogolo.

Masabata atatu apitawo kompyuta ija inafa. Tabita akuti inayamba kulira mkati ngati nkhuku yotsamwa, kenako inangoti zii. Anapita nayo kwa katswiri wina ku Mponela, yemwe anati chosungira zinthu mkatimo, chimene amati hadi disiki, chatheratu ndipo palibe chimene chingatulukemo. Anamuikira china chatsopano, chopanda kanthu.

Atafika nayo nkhaniyi pakhomo, iye sanatekeseke n'komwe. Anangoti ndimupatse kabokosi kaja. Kanali kabokosi kakuda kokwana m'thumba la malaya, kamene ankakoperamo zonse za m'kompyuta. Titaika maliro anandisiyira, nati ndikasunge pamalo abwino kuposa onse pakhomo pano.

Apa ndiye pali manyazi anga. Iwe unakulira pano, tandiuza, malo abwino pakhomo pa mlimi ndi ati? Kuchipinda denga limadontha. M'sutikesi munalowa makoswe n'kudya kalata yathu ya ukwati. Malo okhawo amene chiswe, khoswe ndi nankafumbwe safikapo ndi kukhitchini, pamwamba pa moto, pamene timapachika chimanga cha mbewu. Ndinakakulunga m'nyuzipepala n'kukamangirira pomwepo. Kanamwa utsi chaka chathunthu, ine ndikudzitama mumtima kuti ndikudziwa kusunga.

Titakatsitsa kanali katapindika, mwaye uli mbali zonse, kakununkha ngati mlamba wowamba. Tabita anakalumikiza, koma sikanaphethire n'komwe. Ndinadikira kuti andikalipire. Iye anaseka mpaka misozi, nati zoona nankafumbwe sanakakhudze. Ine sindinaseke. Ndinaona ngati ndawaikanso m'manda mayi ako ndi manja angawa.

Kenako anandiuza kuti ndivale nsapato, tikupita ku Ntchisi kwa mayi ako aang'ono, a Fanny. Tinakwera njinga zamoto, kukwera ndi kutsika mapiri aja, ine osadziwa chimene tikukatenga. Titafika, a Fanny sanafunse zambiri. Analowa kuchipinda, natuluka ndi chitini chimene amasungiramo nyemba za mbewu, napisamo dzanja mpaka m'chigongono. Munatuluka kabokosi kena, kofanana ndi kanga, kokulungidwa m'pulasitiki, koyera ngati kagulidwa dzulo.

Sindinkadziwa kuti kalipo kachiwiri. Tabita anati sanandiuze chifukwa ndikanakwiya kuti sandikhulupirira. Sananame, ndikanakwiyadi.

Ndinamufunsa ngati nzeru imeneyi anaiphunzira ku koleji. Anati ayi, anaiona kwa mayi ake. Anandikumbutsa kuti chaka chilichonse tikakolola, mayi ako ankasenza beseni la mbewu kukasiya kwa a Fanny, n'kubwerako ndi mbewu ya kumeneko. Ine ndinkanyinyirika kuti akungofuna pochezera ndi mng'ono wawo. Koma pa njala ya 2002 ija, titadya mbewu yathu yonse, tinadzala ya ku Ntchisi. Iwe unali Sitandade 4, mwina ukukumbukira. A Fanny anandiyang'ana m'maso nati, alamu, mwaiona tsopano ntchito ya macheza aja. Ndinangogwira chipewa.

M'mawa mwake tinapita kusukulu ya Tabita kumene kuli magetsi. Sindikudziwa anawauza ndani, koma amayi akwaya asanu ndi awiri anatitsatira n'kukhala pansi pa mtengo. Tabita analumikiza kabokosi, kamzere kanayamba kukwawa pagalasi la kompyuta pang'onopang'ono. Kanatenga m'mawa wonse. Kawiri kanaima, mtima wanga n'kuimanso, iye n'kumangochonga makope a ana asukulu ngati palibe chikuchitika.

Dzuwa litapendeka anati zatheka. Zonse zinabwerera m'malo mwake, zithunzi, mayeso a ana, nyimbo. Anadina imodzi.

Gabriel, mayi ako anayamba ndi kutsokomola kuja ankachita asanaimbe. Kenako mawu anatuluka, oyera, ngati akhala pafupi. Kumbuyo kukumveka tambala, ndi ine ndikukalipira mbuzi. Amayi aja analowa m'kalasi osaodira, nayamba kulandira nyimboyo, misozi ili chuchuchu. Ine ndinagwira ahedi pamkono, n'kuloza Tabita, n'kuwauza kuti ameneyo ndi mwana wanga, ngati kuti sakumudziwa munthu amene agwira naye ntchito zaka zisanu ndi chimodzi. Sindinanyadirepo chonchi, ngakhale tsiku limene fodya wanga anatamandidwa ku okushoni. Ndinabereka munthu, ndipo anamulera ndi mayi wanzeru kuposa mwamuna wake.

Koma titawerenga, nyimbo zinali 45.

Yotsalayo ndi imene mayi ako anaimba ali pabedi kuchipatala, kutatsala masiku anayi kuti amwalire. Sanaiphunzitse aliyense. Tabita sanapezenso mpata wopita nayo ku Ntchisi, choncho anaikopera m'kabokosi kanga kokha, kamene ndinakawamba. Foni imene anajambulira inabedwa m'minibasi chaka chatha. Ndayesa kuikumbukira, koma ndimangogwira mzere woyamba, ndipo mawu anga ukuwadziwa.

Tabita akuti tsiku lomwelo anakutumizira nyimboyo pa foni yako, ndipo zinaonetsa kuti unaitsegula. Sunayankhe. Sindikukufunsa chifukwa chake. Ndikudziwa kuti zinakupweteka kuti mapepala ako anakulepheretsa kubwera kumaliro, ndipo mawu amene ndinakulankhula nthawi imeneyo sanali abwino. Undikhululukire.

Pempho langa ndi ili. Ngati foni ija ukadali nayo, usaigulitse, usafufutemo kanthu, ndipo chonde usaisunge mmene anasungira bambo ako. Ifufuze nyimboyo, umutumizire Tabita, kuti akwaya aiphunzire tsiku la chiliza lisanafike. Ukatha kubwera nayo wekha, ndiye bwino koposa.

Zaka zonsezi ndakhala ndikudandaula kuti unapita kutali kwambiri. Lero ndikugwada kupemphera kuti kutali komweko kukhale kumene kwasungika nyimbo yomaliza ya mayi ako.

Upereke moni kwa apongozi ndi kwa mwana. A Fanny akupereka moni, Tabita nayenso. Ambuye akusunge ndi kukuyendetsa bwino m'dziko la eni.

Ndine bambo ako,
Agustino