Mapepala a ku Sitolo ya Che Ramadani

Migowi, Phalombe
Okutobala, 1956

Wokondedwa mlongo wanga Eneya,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wako kumeneko ku Halale. Chifuwa chija unkadandaula chinasiya? Ukudya mokwanira, kapena ukungomwa inki? Kuno Mulungu akutisunga. Amayi miyendo ikuwavutabe, koma pakamwa pokha pali bwino kwambiri. Alamu ako a Goliati anabwerako ku esiteti ya tiyi, ndipo tamaliza kusosa munda wa kudambo. Dzuwa lakwiya, phiri la Michesi silikuoneka ndi utsi wa moto wa m'tchire. Tikungodikira mvula.

Sindikudziwa ngati ndizikutchulabe kuti iwe, poti tsopano dzina lako lili pachikuto cha buku. Koma ndinakubereka kumsana ine, ndipo unandinyowetsa kangapo, ndiye ulemu wa inu ukaupeze kwa anzako a m'tauni.

Buku lako linafika. Aphunzitsi ndiwo anabwera nalo kuchokera ku positi. Amayi analilandira ndi manja awiri, analinunkhiza, analigwira chozondotsa, kenaka anandiuza kuti ndiwalozere pamene pali dzina lako. Chala chawo chinakhala pamenepo nthawi yaitali. Ananena m'Chilomwe kuti makolo awo anawoloka malire ndi mphasa ndi mphika basi, lero dzina la mdzukulu ladindidwa ngati la munthu wa boma. Tinalira tonse awiri.

Tsopano khala pansi, chifukwa chimene ndakulembera si chokoma, ndipo pa olakwa ine ndili patsogolo.

Ukudziwa kuti kuno odziwa kuwerenga ndi ochepa. Mbiri itamveka kuti mwana wa a Lily walemba buku, anthu anayamba kudzasuzumira. Tsiku loyamba ndinali kuphika kalongonda, nyemba zija zoledzeretsa, amene amafuna tsiku lathunthu pamoto, kumutaya madzi, kumubwezeranso. Azimayi anakhala nane pansi pa mango, nati ndiwawerengere podikira. Ndinayamba. M'mawa mwake anabwera ndi amuna awo. Pofika Loweruka bwalo linali litadzaza, ena atachokera kutsidya kwa mtsinje wa Phalombe.

Ndisakunamize, zinandikomera. Ine wa Sitandade 3, amene ndinasiya sukulu kuti iwe upitirize, anthu onsewo ali chete kumvera ine. Ndinatupa mtima ndi kunyada.

Kenaka tinafika pa Che Makina, wasitolo wa m'buku lako, uja anabisa chimanga pansi pa nyumba nthawi ya njala, nabweza mayi wamasiye pakhomo, mwana n'kumwalira panjira. Eneya, unamuveka kofiya yofiira. Unamupatsa mwendo wotsimphina, njinga yopanda belu, ndi chizolowezi chotsokomola kawiri asanatchule mtengo wa chinthu. Pa Migowi pano munthu wotero alipo mmodzi, Che Ramadani, ndipo ngakhale mwana angakuloze sitolo yawo.

Komabe anthu sanazindikire msanga, nkhani inali itawatenga. Amene anawatsegula maso ndine. Nditafika pa mawu a Che Makina ndinatsokomola kawiri, ndinakweza phewa, n'kulankhula ndi mawu enieni a Che Ramadani, Chinyanja chawo chija chopendekera ku Chiyao. Mpaka ndinawonjezera ka “basi, basi, mwanangu” kamene m'buku mulibe. Bwalo lonse linafa ndi phwete. Ndinaimirira n'kutsimphina pang'ono, anthu anagwira nthiti. Anati ndibwereze, ndipo ndinabwereza.

Mmodzi yekha sanaseke, a Rozaria. Ukukumbukira kuti anaika ana awiri m'njala ya 1949. Anthu atabalalika iwo anatsala, nandifunsa motsitsa mawu ngati zimenezi zalembedwadi m'bukumo kapena ndikungokometsera. Ndinawaonetsa tsamba. Sadziwa kuwerenga, koma anayang'anitsitsa zilembozo, nati ndiye kuti n'zoona.

Apa ndi pamene iwe ndi ine tinaiwala kwathu. Kumeneko umawerenga mabuku a nkhani zopeka, a ndakatulo, a maulendo, ndipo ukudziwa kuti munthu angathe kukhala pansi n'kuumba wasitolo amene sanabadwe. Kuno mawu odinda tinawaona m'buku la Mawu a Mulungu, m'buku la nyimbo, ndi pa zikalata za boma zokhoma pamtengo. Zimenezi munthu satsutsana nazo. Nthano timaidziwa, imayamba ndi padangokhala, ndipo aliyense amadziwa kuti ndi nthano. Koma chinthu chachikuto, chodinda, chobwera pa positi, anthu akuti akuluakulu anayamba achifufuza. A Rozaria akuti Azungu sangataye inki yawo pa bodza.

Kodi ndinawafotokozera pomwepo kuti ndi nkhani yopeka? Ayi. Ndinangoti ndi buku chabe amayi, n'kulowa m'nyumba. Ndinkaopa kuti ndikanena kuti ndi zopeka, mawa anthu sabweranso kudzandimvera. Ndikulemba zimenezi manyazi atandigwira, koma ndi momwe zinalili.

Sabata isanathe nkhani inali itafika ku Chiringa ndi kwa asodzi a ku Chilwa, ndipo inanenepa panjira. Ena akuti matumba anadzaza chipinda. Ena akulumbira kuti anawaona ndi maso awo akukwirira. Anthu anasiya kugula. Amayenda mtunda wautali kukafuna mchere ndi palafini kwa Mmwenye, kudutsa pakhomo pa Che Ramadani osapereka ndi moni womwe. Asodzi amene ankawabweretsera matemba akuti sangagulitse kwa munthu wotero. Ndamva kuti ngakhale kumzikiti ena sakufuna kuima pafupi nawo.

A Rozaria sanatukwane. Anangopita kukakhala pakhonde la sitolo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ali chete, atafungata kansalu kamene ankaberekera mwana wawo wamng'ono. Bola akanatukwana.

Ndipo iwe ukudziwa, monga ndidziwira ine, chimene Che Ramadani anachita chaka chimenecho. Bambo anali atangomwalira. Che Ramadani ankapalasa njinga ndi mwendo umodzi wabwinowo mpaka kunyanja, kubwerako ndi kampunga ndi matemba, n'kumatisiyira kuseri kwa nyumba kuti anthu asaone, poti analibe zokwanira mudzi wonse. Nawonso ankagona ndi njala. Nanga mapepala aja okulungira shuga, amene unaphunzirirapo kulemba nkhani zako, ankakupatsa ndani? Unkakhala pa thumba la mchere m'sitolomo masana onse, maso ali pa iwo. Ine ndinkati umawakonda. Kani unkatola chifuwa chawo.

Lamulungu lapitali ndinalimba mtima. Ndinaima kunja kwa tchalitchi anthu akutuluka, n'kunena zonse. Ndinati Che Makina kulibe, mawu aja ndinawonjezera ndine, ndipo Che Ramadani ndiwo anatidyetsa m'njala. Ndinangokolezera moto. A Rozaria anandiyang'ana, nati ndiye kuti chakudya chinalipo, ankangosankha ana oti akhale ndi moyo. Mkulu wina anafunsa kuti pakati pa buku ndi pakamwa pa Eveles akhulupirire chiti, poti pakamwa pomwepa ndi pamene panatsokomola pabwalo.

Amayi analichotsa bukulo m'sutikesi momwe amasunga nsalu yawo ya kutchalitchi, analikulunga m'chiguduli n'kulitsomeka kudenga. Akuti wakutsina khutu ndi mnansi, ndiye ndikutsine m'malo mwawo. Akuti sunadye mpunga wa munthu kuti udzamuphere m'buku. Ine amangondiyang'ana ndikamawapatsa madzi, ndipo zimandikwanira.

Dzulo masana Che Ramadani anabwera kunyumba. Nditaona kofiya yofiira panjira ndinafuna kuthawira kumunda, koma anali ataodira kale. Amayi anawayalira mkeka. Aonda, Eneya, malaya akuwalendewera. Anapempha madzi akumwa, kenaka anati amva kuti ali m'buku, ndipo pa Migowi ponse ndi iwo okha amene sanalimve. Zilembo zathuzi sazidziwa, amawerenga za Chiarabu zokha. Anandipempha kuti ndiwawerengere.

Ndinalitsitsa kudenga, n'kuyamba kuwerenga ndi mawu anga, otsika, maso ali patsamba. Nditafika pa wasitolo uja anandiimitsa. Anati amva kuti ndimatha kuwatsanzira bwino, ndiye ndiwerenge momwe ndinawerengera pabwalo. Ndinakana. Anaumirira mwaulemu, nati akufuna amve chimene anthu anamva, kuti adziwe chimene akuwadera.

Eneya, ndinatsokomola kawiri pamaso pa mwini chifuwa. Ndinanena “basi, basi, mwanangu” iwo akundiyang'ana. Palibe anaseka. Ukadzabwera udzaona pamene tsambalo lafufuma ndi misozi yanga.

Ndinamaliza, n'kutseka buku. Kenaka anati mnyamatayu ali ndi maso, njinga ija ilibedi belu. Anafunsa ngati Che Makina amakhululukidwa kumapeto. Ndinawauza zoona, kuti amathamangitsidwa pamudzi ndipo sitolo yake imagwa ndi chiswe. Anagwedeza mutu, nati ndiye kuti anthu akungotsatira buku, latsala tsamba lomaliza.

Akuti mvula ikayamba zinthu zili chonchi, atseka sitolo apite kunyanja kwa mwana wawo Tausi. Ganiza, munthu amene mkazi wake a Katija anaikidwa pano, amene mitengo ya mango ya pamsika anabzala yekha. Za malonda sakudandaula. Chimene chikuwadya mtima, akuti, n'chakuti a Rozaria adzafa akukhulupirira kuti ana awo anaphedwa ndi iwo. Ananena zimenezi osakweza mawu, akuyang'ana kapu ya madzi.

Sindikunena kuti buku lako ndi loipa. Ndi lokoma, ndipo kukoma kwakeko ndi kumene kwapweteka munthu. Lili ngati kalongonda, ndipo ine ndinagawira anthu ndisanataye madzi oyamba. Mlandu wangawo ndausenza. Koma kofiya ndi mwendo sindinabe ine.

Tsono ndikukupempha, mlongo wanga, bwera mvula isanagwe. Usatumize kalata. Ndinayesa kale kuwauza anthu kuti ndikulembera uyankhe, akuti ya pamanja aliyense angalembe, ngakhale Eveles yemweyo. Bwera wekha, uime pamsika bukulo lili m'manja, unene ndi pakamwa pako kuti unapeka, ndi kuti unaveka munthu woipa zovala za munthu wosalakwa. Ukapite kwa a Rozaria, ukakhale pansi, ukamve zonse zimene adzakuuze. Ndipo ngati amene anadinda bukulo angakudindire kapepala kamodzi konena zimenezi, bwera nako, tidzakakhome pamtengo pamene amakhoma za boma. Chimene inki ya makina inawononga, mwina inki yomweyo ingakonze.

Ine ndidzaima pambali pako, ndipo ndidzanenanso zanga ngakhale andiseke. Ndikudziwa kuti madzi akatayika saoleka. Koma munthu uja akadali pano, sitolo akutsegulabe m'mawa uliwonse n'kusesa pakhonde ngati kubwera wogula.

Usandiuze za abwana ako ndi tchuthi. Unapeza nthawi yolemba buku lathunthu, upezanso ya ulendo umodzi. Ukatsika sitima pa Luchenza, alamu ako adzakuchingamira ndi njinga.

Ponyamuka dzulo lija, Che Ramadani anamasula mtolo pa kaliyala wa njinga yawo. Anali mapepala okulungira shuga, osalala bwino, omanga ndi luzi. Anati ndikutumizire, poti iwo alibenso chokulunga. Akuti usasiye kulemba. Koma ulendo wina ukadzafuna zoipa zawo ubwere udzawafunse, ali nazo zenizeni zokwana buku, ndipo adzakuuza okha.

Amayi akupereka moni, ngakhale akuti ndisalembe. Alamu ako ndi ana akupereka moni. Upereke moni kwa a Howard amene ukukhala nawo, ndi kwa onse akwathu amene uonana nawo kumeneko. Mulungu akusunge, akuchize chifuwa, ndipo akutsogolere panjira yobwerera kuno.

Ukaona kuti kalatayi yalembedwa pa mapepala akhaki onunkhira sitolo, usadabwe, ndasololako pamtolo uja. Otsalawo sinditumiza pa positi. Ndawabwezera kusitolo m'mawa uno, ndipo ndawauza Che Ramadani kuti mwini wake adzabwera kudzawalandira yekha, ndi manja awiri.

Ndine chemwali wako,
Eveles