Dzina la Mwana Lili kwa Mkaidi

Kyustendil, 2 Seputembala 1913

Okondedwa achimwene Gavril,

Ndisanafunse za moyo wanu, pali zoti tigwirizane: ngati mungabwere kudzabatiza mwana wathu poti wansembe wakuno wakana, ngati mpingo umalola mkaidi kuyimira mwana, ndiponso amene akawauze apongozi anga. Chomalizachi sindingachithe ndekha.

Mukumkumbukira Milutin, Mserbiya uja tinkagona naye m'ngalande imodzi pomenyana ndi Aturuki ku Odrin? Kolera itandigwira anandibereka mpaka kuchipatala, ndipo ndinalumbira kuti adzakhala kum, woyimira pa ubatizo, wa mwana wanga woyamba. Mwanayo wabadwa, wamkazi, koma tikungomuti "kamwana", poti wotcha dzina ndi kum. Akutsokomola, ndipo mayi wake, Rayna, akuopa kuti angatisiye wosabatizidwa.

Milutin ali konkuno, m'sukulu yanga imene aisandutsa chipatala cha akaidi. Anagwidwa pa nkhondo yachiwiriyi, ife ndi Aserbiya titatembenukirana.

Lamulungu tikudya ndinangofunsa, mofuna kudziwa chabe, ngati kunali koyenera kuwombera anzathu titapambana nawo limodzi. Apongozi anamenya tebulo.

"Aphunzitsi, mabuku akupusitsani! Okhetsa magazi ndife, Makedoniya n'kudya iwo. Mumati tiwaombere m'manja?"

"Nanga tapezapo chiyani, bambo?" anatero Rayna. "Manda a achimwene Stoil?"

Apongozi anatuluka osatsiriza rakiya, kachasu wawo uja.

Dzulo funso lomweli ndinamufunsa Milutin. Anaseka mpaka bala kumupweteka. "Iwe Nedelcho, ukufunsa ine? Madzulo tinadya nyemba limodzi ndi anyamata anu, kutacha akutiwombera. Koma ukadakhala wathu mwayi, mwina tikadayamba ndife. Bwera naye mwanayo, dzina ndili nalo kale."

Dzinalo wakana kundiuza, akuti adzalitchulira pamadzi a ubatizo. Nanga likakhala la Chiserbiya, apongozi ali pomwepo? Ndinachitanso chinthu chosafunika: ndinamufunsa komwe anamenyera nkhondo. Ndi kumtsinje wa Bregalnitsa, komwe anagwera Stoil. Ndayang'ana pa mapu mobwerezabwereza, ndipo mtsinjewo ndi wautali ndithu. Rayna sindinamuuze. Kodi kutero n'kunama, inu amene mumamva zolapa za anthu?

Akaidiwa akuti awabweza kwawo posachedwa, ndipo chifuwa cha mwana sichikutsika. Rayna akupereka moni kwa inu ndi alamu. Wasoka kale kansalu koyera ka ubatizo, ndipo wandituma kuti ndikapatse Milutin mkate woumba yekha.

Chonde yankhani msanga, ngakhale mzere umodzi.

Ine mng'ono wanu,
Nedelcho