Mzere wa pa Khonde

Lolemba, 7 mwezi wa Tikimt 1987, pa kalendala yakwathu

Akudulanso malire a zigawo. Kachinayi m'moyo wanga. Ataliyana anadula, mfumu yaikulu itabwerera inadula, asilikali anadula, lero awa. Mudzi uno sunasunthepo, koma wagona m'maboma anayi.

Nkhani ndi dambo lija, pakati pa mkuyu waukulu ndi mtsinje. Zaka zonsezi ng'ombe zathu ndi za akutsidya zimadya limodzi. Tsopano ati dambo likhale la chigawo chimodzi, enawo achotse ziweto. Kaya Wolo, ife, kaya Shewa, iwo.

Akuluakulu abwera m'mawa, Ato Getahun patsogolo. "Ato Admasu, pakamwa pathu ndi inu." Akanapitanso kwa ndani? Mapu a 1945 ndinajambula ndine, ndili mlembi wa oyeza malo. Kope lili m'bokosi. Mzere wofiira ukutsata mtsinje. Dambo ndi lathu, basi.

Lachitatu, 9 Tikimt

Mapu ndawaanika padzuwa. Njenjete zadya chigawo chonse cha Gojamu, Wolo zamusiya. Nazonso zimadziwa ulemu.

Dzanja langa linali dzanja, abale. Zilembo zoima ngati asilikali. Ana a masiku ano sangathe.

Bondo likupweteka. Mvula yatha, udzu wa kudambo wafika m'chiuno.

Loweruka, 12 Tikimt

Kumsika. Ndakumana ndi asewere anga, Woizero Yeshiwork, mayi wa mkazi wa mwana wanga Teferra. Akutsidya asankha iwo kuti awalankhulire. Mkazi wosadziwa n'chilembo chimodzi chomwe!

Mpaka khofi anandigulira. Kenako: "Asewere, pepala lanulo linafikako kudambo, kapena linangomva mbiri ngati mwini wake?" Anthu kuseka. Ine ndinati pepala silikalamba, mutu ndiwo umakalamba. Anasekanso, mokweza kuposa poyamba. Ndapambana ndine, ndikuganiza.

Anandipatsa chipanda cha mkaka, cha mdzukulu wathu Almaz. Wa ng'ombe zawo zitatu zodya kudambo. Mwanayo china sadya, mkaka wokhawo, chidwalireni.

Lolemba, 14 Tikimt

A boma afika. Atatu, achinyamata, nsapato zoyera fumbi. Msonkhano pansi pa mkuyu.

Ndinavala gabi yanga, nsalu yofunda yoyera ija. Ndinawayalira mbiri yonse, chigawo ndi chigawo, chaka ndi chaka, osayang'ana pepala. Wamkulu wawo kulemba mpaka cholembera kutha.

Asewere sanatalikitse. Ati mu 1945 akulu a mbali zonse anagwirizana kuti malire ndi mkuyu, osati mtsinje. Anakwirira mwala pamenepo, pansi pake makala, monga timachitira, poti makala saola. Bambo awo anagwira nawo khasu. "Tinadikira mlembi wa boma masiku awiri. Chakudya cha injera chinauma m'dengu. Sanabwere."

Sanandiyang'ane ponena zimenezi. Akanandiyang'ana bwenzi zili bwino.

Lachiwiri, 15 Tikimt

Akumba. Mwala ulipo. Makala alipo, akuda bii ngati a dzulo.

Wamkulu uja anangoti mwala ulibe chidindo. Mapu ali nacho, ndi siginecha ya mlembi: "Ndafika, ndaona." Yankho libwera sabata yamawa, koma aliyense wamva komwe mphepo ikulowera. Ato Getahun anandipsompsona mapewa onse awiri.

Chakudya chandikanika.

Lachisanu, 18 Tikimt

Ndilembe, poti buku ili silipita kubwalo.

Mvula ya chaka chimenecho cha 1945. Nyulu yanga inatsimphina, njira yotsikira kudambo matope okhaokha. Ndinaima pa nyumba ya mowa wa uchi pamwamba pa phiri. Masiku awiri. Mwini wake anali ndi mwana wamkazi wa mpata m'mano. Ndinayala pepala pa khonde, ndinaona mtsinje ukunyezimira kumunsi, ndinati malire abwino ndi amenewo. Mzere umodzi, mphindi zisanu. Ndinasaina.

Mtsikanayo ndinamukwatira chaka chotsatira, ndipamene ndinadzakhala m'mudzi muno. Zewditu wanga, Mulungu amusunge. Ankadziwa. Ankati, "Iwe, tsiku lina mzere uja udzakufunsa." Ine kuseka.

Zaka makumi anayi ndi ziwiri palibe anavutika nawo mzerewo. Ng'ombe siziwerenga mapu. Ndiye ndinazolowera kuti ndinafikadi.

Lachitatu, 23 Tikimt

Kalata yafika. Dambo ndi la Wolo. Akutsidya achotse ng'ombe pofika kumapeto kwa mwezi. Kutsidyako ndi miyala yokhayokha, ndikudziwa. Zitatu za asewere sizifika Pasaka.

Teferra wangondidutsa pakhomo. Mkazi wake anabweretsa khofi, anaika, anatuluka. Almaz anali kumsana.

Manyazi ndili nawo, inde. Mantha ayi. A boma akadali ku boma laling'ono mpaka Loweruka, ulendo wa theka la tsiku. Siginecha ndi yanga. Amene angaitsutse ndi mmodzi yekha m'dziko lonse lino, ndipo Chiamhariki chake ndi chabwino kuposa chawo. Bondo lipirire. Mudzi udzanditcha zimene udzanditche.

Gabi ndachapitsa. Mapu ndakulunga.

Kunja nthungululu. Ato Getahun ndi gulu lonse, akubwera ndi nkhosa yondithokozera, nsalu yofiira m'khosi. Afika kale pa mpanda. Ndiwauze zoona asanaimange pamtengo, chifukwa akangosolola mpeni...